PAIPI YOPINDIKA: CHIDA CHOTETEZA DAMU LANU LA NSOMBA

Uthenga kwa alimi a nsomba a kumapiri a Dedza

Mlimi wa ku Bembeke, Kanyama kapena Mayani amakumba damu m'munsi mwa chitunda kapena m'mphepete mwa dambo. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikalimba, madzi amasefukira pamwamba pa khoma, kulikokolola, makumba ndi chilunguni n'kuthawira kumtsinje. Ena pokolola amachita kugumula khoma ndi khasu, ndipo malo ogumulawo sakhalanso olimba. Paipi yopindika imathetsa mavuto onse awiriwa.

Kodi ndi chiyani?

Ndi mapaipi awiri apulasitiki olumikizidwa ndi elibo. Yogona imadutsa pansi pa khoma, kumbali yakuya ya damu. Yoima imakhala m'damu, ndipo kamwa lake ndiye malire a madzi: akangopitirira pamenepo amalowa m'paipi n'kutuluka okha. Mukaipendeketsa, madzi amatsika mpaka pomwe mwafuna.

Zofunika pa damu la mamita 10 ndi 20

• Paipi ya mamilimita 110, yomwe m'sitolo amati ya mainchesi anayi
• Elibo imodzi ya saizi yomweyo
• Waya wa sefa, chikhomo cholimba ndi chingwe
• Dothi la makande

Kaikidwe kake

1. Ikani paipi yogona pomanga khoma. Ngati damu ndi lakale, dikirani mukolole ndipo liume.
2. Itsetsereke pang'ono kuloza kunja, ndipo itulukire patali ndi tsinde la khoma. Pogwera madzi yalanipo miyala.
3. Tsenderani makande mozungulira paipi, pang'onopang'ono, mukusinja. Madzi amakonda kutsata m'mbali mwa paipi, ndipo kadontho ka lero ndiko kamagwetsa khoma mawa.
4. Elibo musaimate ndi guluu kumbali ya paipi yogona, chifukwa pamenepo ndi pozungulira pake. Ikakhala yokhwefuka, kulunganipo kachubu ka njinga.
5. Dulani paipi yoima kuti kamwa lake likhale masentimita 30 kutsika kuchokera pamwamba pa khoma.
6. Phimbani kamwa ndi sefa kuti ana a nsomba asatuluke, ndipo mangirirani paipi ku chikhomo kuti isagwe yokha usiku.

Chofunika kwambiri kuno kozizira

Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julaye madzi amazizira kwambiri. Akatsika pansi pa madigiri 20, makumba amachepetsa kudya ndipo amakula mochedwa. Madzi ofunda ndi obiriwira, omwe ali ndi chakudya chochokera ku manyowa anu, amakhala pamwamba. Ozizira ndi osowa mpweya wabwino amakhala pansi. Paipi yoima payokha imataya apamwambawo.

Choncho ivekeni paipi ina yaikulupo, ya mamilimita 160, yotalika kuposa yamkatiyo ndiponso yobooledwa m'munsi. Madzi apansi amalowa pazibowozo, kukwera pakati pa mapaipi awiriwa, n'kutuluka. Musalolenso madzi a kasupe kumangolowa ndi kutuluka tsiku lonse: thirani pokhapokha damu likaphwera.

Kasamalidwe

• Chotsani masamba ndi ndere pa sefa tsiku lililonse nthawi ya dzinja. Pa damu la saizi imeneyi, sentimita imodzi ya madzi ndi malita 2,000, ndiye sefa ikatsekeka damu limadzaza msanga.
• Kumbani ngalande kumtunda kwa damu yopatutsa madzi a m'munda.
• Siyani mpata wina pakona, pa nthaka yosakumbidwa, wodzalidwa kapinga, woti madzi a mvula yoopsa adutsirepo.
• Pokolola, vulani paipi yakunja, pendeketsani yamkati pang'onopang'ono, ndipo madziwo muwalondolere kudimba la kachewere kapena kabichi chifukwa ali ndi chonde.

Musanagule mapaipi, yezani kukula kwa tsinde la khoma lanu, ndipo funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena ofesi ya zansomba ya boma la Dedza kuti akuthandizeni kusankha poika paipiyo.