Belo ya kupolisi salipira

FUNSO: Ndimagula matemba ku Kachulu n'kukagulitsa ku Zomba. Mlongo wanga atamangidwa pa mkangano wa kudoko, wapolisi wina anati ndipereke ndalama kuti atuluke pa belo. Ndinapereka, koma risiti sanandipatse. Ndikadandaule kuti?
Mayi wa kwa T/A Mwambo

YANKHO: Mayi, belo ya kupolisi ndi yaulere. Wapolisiyo analandira chiphuphu, ndipo kusapereka risiti kukusonyeza kuti ankadziwa zomwe akuchita.

Lembani tsiku, malo, ndalama zake, dzina la wapolisiyo ngati mukulidziwa, komanso amene anaona. Kaonaneni ndi mkulu wa siteshoni. Ambiri amaopa kukasumira wapolisi kwa apolisi anzake, ndipo manthawo ngomveka. N'chifukwa chake lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha, Independent Complaints Commission, lomwe limafufuza madandaulo okhudza apolisi, kuphatikizapo kuvulala kapena kufa kwa munthu ali m'chitokosi. Popeza apa pali ndalama, nkhaniyi mungaitengerenso ku Anti-Corruption Bureau.

Dziwaninso kuti malamulo aakulu a dziko amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48.