Ana a Eni Ake Abwerere Onse

Ana anga, inu amene muli ku koleji kuphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, khalani pansi tikambirane. Ndikudziwa kuti mitima ili dyokodyoko. Mwamva kuti mukakwera phiri, mukagona m'matenti, mukapalasa bwato ndi kusambira kunyanja. Pitani. Ndikuti pitani ndithu. Mphunzitsi wongodziwa bwalo la mpira ndi wisilo amamana ana zinthu zambiri. Koma musanamange chikwama, mvetsani ichi: kumeneko simukupita kukaonetsa mphamvu zanu. Mukupita kukaphunzira kusunga ana a eni ake.

Ambiri a inu munasankha ntchitoyi chifukwa matupi anu ngolimba. Munali akatswiri a mpira wa miyendo, a ntchemberembaye, a liwiro. Mphamvu imeneyo ndi mphatso, koma imatseka maso. Wamphamvu sadziwa mmene chitunda chimawawira kwa wofooka. Sadziwa kuti pamene iye akuimba nyimbo, wina m'mbuyo mpweya ukumuthera.

Ine zinandionekera. Ndili mphunzitsi wachinyamata, ndinatenga ophunzira anga kupita nawo ku phiri la Mulanje nyengo yozizira. Njirayo ndinali nditaiyendapo ndi anzanga a mpira, ndipo ndinkaiyesa yaifupi. Ndinayeza ulendo ndi miyendo yanga. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Bambo wa m'deralo amene ankatiperekeza anayang'ana mitambo n'kunena kuti tibwerere msanga. Ine ndinawayankha kuti ana anga ngolimba. Ndinatsogola ndi anyamata othamanga, kumbuyo osasiyako wamkulu aliyense. Chiperoni chitafika, chifunga chinatseka njira, kamvula kowaza kananyowetsa aliyense. Nditawerenga ana, mmodzi panalibe.

Tinampeza mdima utagwa, ali khale pamwala, akunjenjemera, mawu osatuluka bwino. Anali mtsikana wodwala mphumu. Sindinkadziwa, chifukwa sindinafunse. Anatsalira pang'onopang'ono, ndipo anachita manyazi kukuwa. Tinamubereka mosinthana mpaka kutsika, nakagonekedwa m'chipatala. Anachira, Mulungu ngwachifundo. Koma ine ndinalipira. Ndinaima pamaso pa mayi ake wopanda choyankha. Makolo anakana kuperekanso ana awo pa ulendo uliwonse, ndipo ana obwera pambuyo, osalakwa kanthu, anamaliza sukulu osapondako kuphiri limene ankaliona m'mawa uliwonse. Mtsikanayo sanabwererenso pabwalo la masewera. Ntchito yanga inali yoti akonde kugwiritsa ntchito thupi lake. Ine ndinamuphunzitsa kuliopa. Madzi akatayika saoleka.

Tsono inu, pamene mudakali ophunzira, pamene amene akuyankha mlandu ndi aphunzitsi anu, gwiritsani ntchito nthawi imeneyi. Pa ulendo uliwonse wa ku koleji, musathamangire kutsogolo. Yendani kumbuyo. Yendani ndi mnzanu amene akuvutika kwambiri. Onani pamene wayamba kukhala chete, pamene wayamba kupunthwa pamiyala yaing'ono, pamene akukana madzi. Zizindikiro zimenezo ndizo phunziro lanu lenileni. Gulu limayenda pa liwiro la munthu wochedwetsetsa. Lembani mawu amenewa mumtima. Wamkulu mmodzi kutsogolo, wamkulu wina kumbuyo, ndipo palibe mwana wodutsa wa kutsogoloyo kapena kutsalira wa kumbuyoyo.

Phiri lipatseni ulemu. Nsonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002, ndipo pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake munthu amanyamuka ku Likhubula akutuluka thukuta, n'kukafika pamwamba mano akugundana. Chovala chonyowa ndi mphepo zikakumana, thupi limazizira msanga kuposa mmene mungaganizire, ndipo kuzizira kumapha. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wathanzi ndi wozolowera maulendo, anasiya womuperekeza n'kulowera yekha ku Sapitwa. Anapezeka patapita masabata, atafa ndi kuzizira. Phirilo silinamufunse za mphamvu zake. Inunso silidzakufunsani.

Choncho lembetsani ku ofesi ya zankhalango musanakwere. Tengani wokuperekezani wodziwa njira, ndipo akalankhula mumvere. Safunsa anadya phula. Dziwani kumene kuli nyumba zogonamo za paphiri, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, komanso mtunda wa pakati pake. Mukamva za mpikisano wa mapotala, amene amakwera ndi kutsika phirilo mothamanga, musadzifanizire nawo. Iwo anakulira m'njira zimenezo atasenza katundu. Ophunzira anu sanatero.

Ikani nthawi yobwerera musananyamuke. M'mwezi wa June, ikamakwana 5:30 madzulo dzuwa limakhala litalowa. Werengani chobwerera kuchokera pamenepo, muwonjezere nthawi ya amene adzabinye mwendo. Nthawi ikakwana, bwererani. Ngakhale nsonga ikuoneka pafupi, bwererani. Ngakhale ana akudandaula, bwererani. Nsongayo mudzaipeza chaka cha mawa ili pomwepo. Ndipo nyengo ya mvula musayese dala. Kamtsinje kamene mwawoloka m'mawa kakufika m'kakolo, masana kangathe kukokolola munthu wamkulu, chifukwa mvula yagwa kumtunda kumene simukukuona. Anthu a ku Phalombe sanaiwale za madzi osefukira a mu 1991, ndipo tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'mapiri a kumwera mu March 2023. Kukayamba ziphaliwali, chokani pamalo okwera ndipo musabisale pansi pa mtengo woima paokha.

Tsopano za madzi. Apa ndikweza mawu. Ngati simudziwa kusambira, nenani. Musabise. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Phunzirani tsopano, mudakali ku koleji, pamalo osaya, pali wokuyang'anirani. Ndipo kudziwa kusambira si kudziwa kupulumutsa. Munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa, sakupiza manja monga mumaganizira. Amangomira mwakachetechete, anzake akuseka pafupi pomwepo. Mukamufikira ndi manja, amakukakamirani n'kumira nanu. Mponyereni chingwe, mpatseni nsungwi, mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Kulowa m'madzi kukhale komaliza.

Ana akakhala m'madzi, mphunzitsi sasambira. Amaima pamtunda, maso pamadzi, foni m'thumba. Aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira, pakuti kuyenda awiri si mantha. Nyanja ya Malawi ndi yokoma, ndipo mwana amene waona nsomba za mbuna pakati pa miyala ya ku Cape Maclear sadzaiwala. Koma mwera ukayamba kuwomba miyezi yozizira, nyanja yabata imasanduka mafunde m'kanthawi kochepa. Funsani asodzi. M'bwato aliyense avale jekete yoyandamitsa, ngakhale katswiri. Funsani eni dera za ng'ona ndi mvuu. Pewani madzi odikha a m'mabango, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mwana akayamba kukodza magazi mutabwerako, apite kuchipatala, mankhwala ake alipo. Maiwe a m'phiri, monga Dziwe la Nkhalamba, amakopa maso, koma madzi ake ngozizira ndi ozama, miyala yake njoterera. Pasapezeke wodumphira pamene simunayeze.

Musananyamuke, dziwani ana anu mmodzimmodzi. Funsani makolo, ndipo akuloleni polemba. Ndani ali ndi mphumu? Ndani amagwa khunyu? Ndani amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku? Ndani wabwera osadya? Mwana wachialubino afunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Atsikana akhale ndi mphunzitsi wamkazi amene angamuuze zakukhosi, ndipo pogona anyamata kwawo, atsikana kwawo. Mwana wolumala musamusiye m'kalasi kuti alondere zikwama. Sankhani njira imene iyenso angaithe. M'chikwama mwanu musasowe mndandanda wa mayina, wisilo, tochi, machesi okulungidwa m'pepala la pulasitiki, mabandeji, mapaketi a Thanzi ORS, chovala chofunda chapadera ndi madzi okwanira. Siyani uthenga kwa mphunzitsi wamkulu: tapita kwakuti, tidzera njira yakuti, tibwera nthawi yakuti. Ndipo werengani ana. Ponyamuka werengani. Popuma werengani. Pamphambano werengani. Pokwera galimoto werengani. Musatope nako.

Mwina mukuti, bambo, mwatiopseza. Ayi, ana anga. Sindikufuna kuti muope kunja. Ndikufuna kuti mukutsegulire ana ambiri. Mukadzatumizidwa ku sukulu ya kumudzi yopanda tenti, yopanda basi, yokhala ndi mpira umodzi wachikulunga, musadzati palibe chochita. Kuseri kwa sukulu kuli kaphiri. Kumunsi kuli dambo. Phunzitsani ana kujambula mapu a mudzi wawo ndi kuwatsata, kudziwa kum'mawa ndi kumadzulo poyang'ana mthunzi, kumanga msasa, kusonkha moto ndi kuuzimitsa osatentha tchire, kunyamula mnzawo wovulala, kubwerako osasiya zinyalala. Yambani ndi ulendo wa ola limodzi. Ukayenda bwino, makolo adzakukhulupirirani ndi wa tsiku lonse. Chikhulupiriro cha makolo chili ngati mbiya: kuiumba kumatenga masiku, kuiswa n'kamphindi.

Ndipo malo aliwonse amene mukufuna kupita ndi ana, kayambeni mwapitako nokha. Kayendeni njirayo pang'onopang'ono, mukuganiza za mwana wamng'ono kwambiri m'kalasi mwanu. Onani potungira madzi, pobisala mvula, pamene foni imagwira, ndi chipatala chapafupi.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi akakupatsani mwana wake m'mawa, wakupatsani chuma chake chonse. Sadzakufunsani ngati munafika pansonga. Sadzakufunsani kuti munatenga maola angati. Adzayang'ana pakhomo kuti aone ngati mwana wake akulowa. Inu mudakali ndi mwayi umene ine ndinautaya: kuphunzira zimenezi popanda mwana wa munthu kuvutikira phunziro lanu. Sankhani bwino, ana anga. Pitani nawo kunja, akaone dziko lawo, akatope, akaseke, akalimbe mtima. Kenako muwabweze kwawo. Onse.