Phunziro 8: Akhungu Atatu, Machiritso Atatu

SABATA MASANA

Lemba Loloweza: 1 Akorinto 9:22.

Mfundo Yaikulu: Ukapolo wa mowa, fodya ndi chamba sugwira anthu onse mofanana, chotero sitingawathandize onse ndi njira imodzi.

Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2024 kuti mowa unapha anthu 2.6 miliyoni m'chaka cha 2019. Vutoli lilinso m'midzi yathu ya ku Bwanje, ngakhalenso m'mabanja a ife okhulupirira.

LAMULUNGU: Sing'anga Mmodzi, Njira Zosiyana

Yerekezani Marko 8:22-25, Marko 10:46-52 ndi Yohane 9:1-7. Kodi machiritso amenewa akusiyana motani?

Bartimeyu anayamba wafunsidwa chimene anali kufuna, napenya ndi mawu okha. Wakhungu wa ku Betsaida anatengeredwa kunja kwa mudzi, nakhudzidwa kawiri asanapenye bwino. Wobadwa wakhungu uja anapakidwa thope, natumidwa kukasamba. Mpulumutsi anali kuona munthuyo asanaone nthenda yake.

LOLEMBA: Tiyambe ndi Kufunsa

Werengani Miyambo 18:13. Kodi lembali likutichenjeza za chiyani?

Taganizirani anthu atatu. Bambo wachikulire wamwa masese ndi anzake chiyambire unyamata wake, pamaliro ndi pamiyambo ya Chingoni. Kwa iye kuleka mowa ndiko kutaya mabwenzi. Mnyamata wasowa ntchito atalekeza sukulu, ndipo amasuta chamba kuti aiwale. Mayi wamasiye amatcheza kachasu kuti alipirire ana sukulu, ndipo wayamba kumwa yekha. Woyambayo asowa abale atsopano; wachiwiriyo asowa ntchito ya manja ndi chiyembekezo; wachitatuyo asowa njira ina yopezera ndalama. Ulaliki umodzi wodzudzula sungawakwanire onse.

LACHIWIRI: Thupi Nalo Lifuna Chithandizo

Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka ndi kuona zinthu zimene palibe, makamaka pa masiku awiri kapena atatu oyamba. Ena amamwalira nazo. Tisathamangire kunena kuti walodzedwa. Timupempherere, ndipo timuperekeze msanga ku chipatala cha Bwanje kapena cha boma ku Ntcheu. Amene mutu wasokonezeka amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mayi woyembekezera, ndiponso womwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, auze adokotala poyera za kamwedwe kake.

Paulo anayenda ndi Luka sing'anga (Akolose 4:14). Kodi tikuphunzirapo chiyani za pemphero ndi chipatala?

LACHITATU: Lamulo ndi Ndondomeko

Mu 2015 boma la Malawi linaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Izi ndi zabwino, koma lamulo silingachotse ludzu mumtima wa munthu.

Mu 1959 Dr. J. Wayne McFarland ndi Mbusa Elman Folkenberg anayambitsa ndondomeko ya mpingo wathu yolekera fodya m'masiku 5. Mphamvu yake inali yakuti dokotala ndi mbusa anagwira ntchito pamodzi. Koma inakonzedwera anthu a ku America odziwa kuwerenga. Agogo osuta fodya wopichira, amene sanapite kusukulu, ayenera kuuzidwa zomwezo pakamwa, mwaulemu, ndi munthu wa msinkhu wawo. Mayi amamasuka kwa amayi anzake a Dorika kuposa pamaso pa akulu a mpingo.

LACHINAYI: Akagwanso

Werengani Agalatiya 6:1, 2. Kodi wolakwa abwezedwe ndi mzimu wotani?

Ambiri amene amaleka mowa amagwanso asanaime nji. Kugwako sikutanthauza kuti Mulungu wawataya. Kumatiuza kuti tifunsenso: kodi chamugwetsa ndi chiyani? Maliro? Ndalama za zokolola? Mkangano wa m'banja? Wakhungu wa ku Betsaida atayamba kuona mwachimbuuzi, Yesu sanamusiye panjira, anamukhudzanso. Tisaiwalenso mkazi ndi ana. Ngati m'nyumbamo muli nkhanza, kuwateteza ndiyo ntchito yoyamba.

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Kodi munthu wonunkha mowa akalowa m'kalasi mwathu Sabata lino, tidzamukhazika pati?

2. Ngati tipempha mlongo kuti aleke kutcheza kachasu, kodi mpingo uli ndi udindo wotani pa chakudya cha ana ake?

3. Tingasunge bwanji chinsinsi cha mbale amene watiululira vuto lake?

Mwachidule: Choonadi cha kudziletsa sichisintha, koma njira yofikira nacho munthu iyenera kulingana ndi msinkhu wake, thupi lake, banja lake ndi chimene chinamugwetsa.