Phunziro: Ulendo wa Dokowe ndi Madzi a Mtsinje wa Namadzi

Mvula yoyamba ikagwa, alimi a ku Chiradzulu amaona anamzeze atandandalika pa nthambo za magetsi. Ambiri mwa iwo ndi alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Dokowe woyera, wa mlomo ndi miyendo yofiira, nayenso amachokera komweko. Kwawoko kukayamba kuzizira chakudya chimasowa, choncho mbalamezi zimanyamuka mu Ogasiti ndi Seputembala kutsata dzinja la kuno. Zimabwerera mu Malichi ndi Epulo kukaikira mazira.

Kodi dokowe amatha bwanji ulendo wautali chotere? Iye sakupiza mapiko njira yonse. Dzuwa likawomba, nthaka imatentha, ndipo mpweya wotentha umakwera kumwamba. Dokowe amatambasula mapiko n'kumazungulira mumpweyawo mpaka kufika patali. Akatero amatsetsereka pang'onopang'ono kufikira atapeza mpweya wina wotere. Pamwamba pa nyanja mpweyawu sukwera mwamphamvu, n'chifukwa chake adokowe amalambalala nyanja ya Mediterranean. Ena amawolokera pa Gibraltar, pomwe ena amawolokera pa Bosphorus ku Turkey n'kutsika kudzera ku Egypt.

Panjira mbalame zimafuna popumira ndi podyera. Malo amenewa ndi madambo, komwe kuli achule, tinsomba ndi ziwala. Dokowe amadyanso dzombe ndi ntchemberezandonda, adani a mlimi.

Limodzi mwa madambo akuluakulu m'Malawi ndi la nyanja ya Chilwa, yomwe yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Mu 1997 nyanjayi inakhala malo oyamba m'dziko muno kutetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, limene maiko anagwirizana ku Iran mu 1971. Chilwa ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Matemba ndi milamba zikasowa, anthu ambiri amatembenukira ku misampha ya mbalame. Pofuna kuti mbalame zisathe, alenje a kumeneko anakhazikitsa magulu amene amapatula malo oswanirana ndi nyengo yoletsa kusaka.

Chiradzulu ilibe gombe pa nyanjayi, koma madzi a mtsinje wa Namadzi amakathera ku Chilwa. Mitengo ikadulidwa kumtunda, ndipo khasu likafika mpaka m'mphepete mwa mtsinje, mvula imakokolola nthaka. Matopewo amakwirira mtsinje ndi nyanja yomwe. Madzi amathamanga onse nthawi ya dzinja, chilimwe dambo n'kuuma msanga.

Zikatero amavutika si alendo okha. Mbalame ya nthenga zagolide pamutu, imene ili pa mbendera ya Uganda, sipita ku Ulaya. Imamanga chisa chake pa udzu wa m'dambo, ndipo ikuchepa mu Africa chifukwa madambo akusanduka minda ndiponso anthu amagwira anapiye ake.

Mlimi wa ku Chiradzulu ali ndi mbali yake pa ntchito yoteteza madambo ndi mbalamezi. Asiye mabango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje, abzale vetiva m'migula, asatenthe dambo, asatsukire mankhwala a mbewu m'madzi, ndipo alangize ana kuti asaphwasule zisa.