Tisunge Nyambo Yamoyo

Ife a ku Etatara timawedza milamba mumtsinje wa Lúrio. Mlamba umakonda nyambo yamoyo, monga matemba. Koma matemba amafa msanga m'madzi otentha. Nyambo ikafa, ndiwo zimasowa pakhomo.

Tiyeni tikonze posungira nyambo. Tikumbe dzenje pamthunzi. Tiimikemo mtsuko waukulu. Mumtsuko madzi amakhala ozizira. Tithiremo madzi a kumtsinje. Tiikemo matemba ochepa, chifukwa akachuluka mpweya umawachepera. Tivindikire ndi kaukonde kuti asalumphe. M'mawa ndi madzulo tichotse theka la madziwo, tithiremo atsopano.

Tisasungire nyambo m'chigubu cha mankhwala a thonje. Mankhwalawo amapha nsomba, amadwalitsanso anthu.

Funso: Chifukwa chiyani sitidzaza matemba mumtsuko?