Usadzanene kuti unalibe chochita

Mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza kuti maphunziro a ku NORTEC wamaliza, ndipo mwezi wamawa ukuyamba ntchito pamgodi. Ndakondwa kwambiri. Jombo zotsikira pansi ndikugulira ndine, usavutike nazo. Koma ndili ndi nkhani imene ndaisunga pachifuwa zaka zoposa 40, ndipo ukakwera kheji usanaimve ndidzakhala ndakulakwira. Pakamwa ndayesa kawiri, mawu akukanirira kukhosi. N'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ukudziwa kuti bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzakhala kalaliki kuno ku Kopala, monga ankachitira Anyasa ambiri ophunzira kumishoni. Ine ndinabadwira m'komboni ku Kitwe, pabwalo Chibemba, m'nyumba Chichewa. Ntchito ndinayamba mu 1971, misozi ya ku Mufulira isanaume. Pa 25 September 1970 matope a m'damu lotayiramo zotsalira za miyala anaboola nthaka n'kulowa mumgodi usiku, ndipo anthu 89 anafera pansi. Ife amene tinalembedwa ntchito nthawi imeneyo tinkatsika ndi mantha, ndipo manthawo ndiwo ankatisunga. Koma munthu akatsika tsiku ndi tsiku n'kumatuluka wamoyo, mantha amaphwa, chizolowezi n'kulowa m'malo.

Pofika 1979 ndinali woyang'anira shifiti. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kuyambira 1975, zipangizo zinkasowa, ndipo foni yochokera kuofesi ya kumtunda inkafunsa chinthu chimodzi chokha, matani. Lamulo la pansi udzalipeza mmene tinalisiyira: anthu asanalowe pamalo pamene paphulitsidwa, denga limagogodedwa ndi chitsulo chachitali. Mwala wolimba umalira ngati belu. Umene walekana ndi unzake umalira ngati ng'oma yonyowa. Usiku wina kumapeto kwa mwezi, kapitawo wanga, bambo wamkulu kwa ine, anandipeza n'kunena kuti denga la kumathero kwa njira ina silikumveka bwino, pakufunika mitengo yochirikizira. Mitengoyo inali kutali, kuituta ndi kuiimika kukanadya theka la shifiti, ndipo gulu lonse linali kuwerengera bonasi. Ndinamuuza kuti tidzaimika mawa. Sindinapite kukagogoda ndekha. M'buku ndinalemba kuti malo onse ali bwino, n'kusayina. Cha m'ma 3 koloko mwala unatsika n'kuthyola msana wa mnyamata wina wa malaisha. Sanafe, koma sanayendenso.

Pa kafukufuku anatsegula buku lija. Buku linati malo anali bwino pamene ndinkadutsa, choncho funso linasanduka lakuti denga litasintha, kapitawo analekeranji anthu m'kati. Iye ananena kuti anandiuza. Atandifunsa, ndinayankha kuti sindikukumbukira. Anamuchotsa ntchito, ndipo masiku amenewo kuchotsedwa ntchito kunali kuchotsedwanso m'nyumba ya kampani. Katundu wake ndinamuona ali palole, mitondo ndi mabedi, ana atakhala pamwamba.

Zifukwa ndinali nazo, ndipo sizinali zabodza. Ndinali ndi ana asanu, amayi ako ali kumsana. Abale ku Dedza ankayang'ana ine. Amene ankatiumiriza matani sanaitanidwe n'komwe kukayankha. Ndinkadziuza kuti ndinalibe chochita, kuti wina aliyense akanatero. Ndinayenda ndi mawu amenewa zaka 20, kutchalitchi ndikupita, pantchito ndikukwezedwa.

Migodi itagulitsidwa mu 2000 ndinakhala pakhomo, nthawi n'kundichulukira. Tsiku lina ku Chisokone ndinagula buku lopanda chikuto kwa mnyamata woyala mabuku akale pansi, chifukwa linali lonenepa ndi lotsika mtengo. Linali Les Misérables la Victor Hugo, lotuluka mu 1862, lomasuliridwa m'Chingelezi. Anthu ambiri amangodziwa kuti Jean Valjean anakhala zaka 19 m'ndende, chiyambi chake kuba buledi. Chimene chinandigwira ine chili m'katikati. Valjean wasintha dzina, ndi Madeleine tsopano, mwini fakitale ndiponso meya wa tauni ya Montreuil-sur-Mer, ndipo mabanja ambiri akudya chifukwa cha iye. Kenaka akumva kuti ku Arras akuzenga mkulu wina wosauka dzina lake Champmathieu mlandu wakuba maapozi, ndipo mboni zalumbira kuti ameneyo ndiye Valjean. Akakhala chete, mkulu uja akafera m'ndende m'malo mwake, ndipo palibe adzadziwe.

Hugo akuchezera naye Valjean usiku wonse m'chipinda. Zifukwa zokhalira chete zikubwera chimodzichimodzi, ndipo zonse ndi zomveka: antchito ake adzadya chiyani, mayi wodwala dzina lake Fantine adzamusamala ndani, mwana wake Cosette adzamutenga ndani. M'mamawa akunyamuka pa ngolo ya hatchi asanatsimikize n'komwe mumtima. Panjira gudumu likuwonongeka, wokonza akuti silingatheke tsiku lomwelo, ngolo ina palibe. Pamenepo Valjean akumva chimwemwe chachikulu: wayesetsa, njira yatsekeka yokha, mlandu si wakenso.

Ndinatseka buku pamenepo, manja akunjenjemera. Chimwemwe chimenecho ndinachidziwa. Ndi chomwe ndinamva pamene wofufuza uja anatseka fayilo osandifunsa funso lachiwiri. Munthu amene akufunadi kuchita chilungamo sakondwa njira ikatsekeka. Ukadzamva mtima ukupepuka chifukwa choti bwana wakulamula, kapena nthawi yatha, kapena palibe wakufunsa, udzaime kaye, pakuti kupepukako kukukuuza chimene unali kufuna kuyambira pachiyambi. Valjean anapeza ngolo ina kwa mayi wina wokalamba, anafika ku Arras usiku, n'kuimirira m'khoti kutchula dzina lake lenileni. Ndipo Hugo sananamize owerenga ake kuti zonse zinayenda bwino pambuyo pake. Fantine anamwalira, fakitale inatsekedwa, tauni inabwerera mu umphawi. Ndimalemekeza bukuli chifukwa cha zimenezi. Ndikanaulula tsiku lija, amayi ako akanakwera lole. Sindikubisira zimenezo. Koma anakwera ana a munthu wosalakwa, ndipo amene anawakweza ndi ine.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunafuna mabuku ena a Afalansa. Jean-Paul Sartre, pa nkhani imene anakamba ku Paris mu October 1945, nkhondo itangotha, anasimba za wophunzira wake amene anabwera kudzafunsa nzeru. Mkulu wake anaphedwa ndi Ajeremani mu 1940, ndipo mnyamatayo ankafuna kuthawira ku England kukalowa gulu lomenyera ufulu wa France. Koma mayi ake analibe wina wowatonthoza kupatula iye. Sartre sanamusankhire. Anamuuza kuti palibe buku la malamulo limene lingamuchotsere katunduyo, asankhe yekha. Anawonjezanso chinthu chimene ndachiona nthawi zambiri pamoyo wanga: posankha munthu wokamufunsa nzeru, umakhala ukudziwa kale yankho limene akakupatse. Ine pa nthawi ya kafukufuku sindinapite kwa bambo anga, amene anali moyo ndipo ankakhala pafupi. Ndinapita kubala, kwa anzanga a maudindo ngati anga, chifukwa ndinkadziwa kuti akandiuza kuti mwamuna amateteza ana ake.

Za kudzinamiza kotereku Sartre analemba m'buku lake la 1943, L'Être et le Néant. Ndi pamene munthu amadziyesa chinthu, ngati fosholo m'manja mwa mwini wake, kuti asayankhe pa zimene wachita. Amati ndine wantchito chabe, ndinangotumidwa, ndi mmene zimakhalira kuno. Fosholo sisayina buku. Amene anatenga cholembera usiku uja anali munthu wamaso awiri amene anali atamva chenjezo la kapitawo.

Pali pamene sindigwirizana naye Sartre. Amamuika munthu payekha kwambiri, ngati anamera pathanthwe. Ife tinaleredwa ndi mawu akuti kali kokha n'kanyama, ndipo pansi pamgodi mawuwa si mwambi chabe: moyo wako uli m'khutu la mnzako amene akugogoda denga. Sindivomeranso kuti anthu onse ali ndi ufulu wofanana. Anyamata amene anakwiriridwa ku Black Mountain, pafupi ndi Wusakile, mu June 2018 ankatola miyala pa chulu cha zotsalira za ng'anjo chifukwa kunyumba kunalibe ufa. Njira zawo zinali zochepa, ndipo sindingawaweruze. Koma iwe uli ndi satifiketi, udzakhala ndi cholembera, ndipo anthu onga iwowo adzalowa pamene iwe wanena kuti pali bwino. Umunthu umene timanyadirawu ndinaugwiritsa ntchito molakwika: ndinauchepetsa kuti ukwane ana anga okha, kapitawo ndi mnyamata uja n'kutsala kunja.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi Albert Camus, mwana wa mayi wosadziwa kuwerenga amene ankakolopa m'nyumba za anthu ku Algeria. M'buku lake la 1947, La Peste, makoswe akufa m'misewu ya Oran ndipo akuluakulu akuzengereza kutchula dzina la mliri, poopa zimene dzinalo lingawakakamize kuchita. Dokotala Rieux alibe chiyembekezo choti agonjetsa imfa, koma m'mawa uliwonse akupita kwa odwala. Ndipo pali kalaliki wachikulire wa kukhonsolo, Joseph Grand, amene akaweruka kuntchito amakhala pansi kulemba ziwerengero za odwala ndi akufa molondola. Camus akumuika patsogolo munthu ameneyu ngati woyenera ulemu. Ndikamuwerenga ndimaona bambo anga, amene ankabwereza kuwonkhetsa katatu asanatseke buku la malipiro. Chilungamo chambiri pamgodi ndi chotere, n'chosaoneka, ndipo palibe amakuombera m'manja.

Choncho ukakayamba, uzikalemba chimene waona ndi maso ako, ndi nthawi yake. Pamene sunafike usasayinepo, ngakhale kheji ikukusiya. Wapansi pako akakuuza kuti china chake sichili bwino, ulembe mawu akewo m'buku ngakhale iwe ukuona kuti akukokomeza, chifukwa tsiku la mlandu mawu a wamng'ono amene sanalembedwe amakhala ngati sananenedwe. Wamkulu akakuuza pakamwa kuti udumphe lamulo, umupemphe mwaulemu kuti alembe. Ambiri amabwerera pomwepo. Ukalowe yuniyoni. Anthu 17 anawomberedwa ku Nkana pa sitalaka ya 1940 antchito akuda asanakhale ndi bungwe lowayankhulira, ndipo limene Lawrence Katilungu anatsogolera kuyambira 1949 silinabwere ngati mphatso. Munthu wokana ali yekha amathyoka msanga.

China chimene mabuku a Afalansa sanandiuze ndi cha ndalama. Malipiro ako oyamba adzakuzunguza mutu, ndipo a kaloba adzakupeza usanawafune. Uwathawe. Mu 1979 ndinali ndi ngongole ziwiri, ndipo pa kafukufuku uja zinakhala nane pampando. Uziika padera kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka zikwane kudyetsa nyumba miyezi itatu popanda malipiro. Si za njinga yamoto kapena ukwati. Ndi zoti tsiku limene udzafunike kukana, mimba isadzayankhe m'malo mwako.

Kapitawo uja anamwalira ndisanapite kwa iye. Ndinamva mochedwa, maliro atapita kale kumudzi. Koma mnyamata wa msana uja alipo, ndi nkhalamba tsopano ngati ine, amasoka nsapato pa njinga ya olumala ku Ndola. Mpaka lero amadziwa kuti wolakwa anali kapitawo. Ndadutsapo kawiri pamene amakhala, ndikuyang'ana kumbali.

Ubwere Loweruka usanayambe ntchito, tikakwere minibasi ya m'mawa, undiperekeze. Maondo sakundilolanso kuyenda ndekha, komanso ndikudzidziwa: ndikanyamuka ndekha ndikapeza gudumu lothyoka tisanafike n'komwe pa mlatho wa Kafue.

Ndine agogo ako.