Kutchuka pabwalo la kwanu sikukhoza mayeso a kavinidwe

Ana anga a ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, ndamva kuti ena mwa inu mtima uli pokaphunzira zovina, zoimba ndi zisudzo kusukulu zapamwamba. Ndakondwa. Koma tcherani khutu, chifukwa njira imeneyi ndinaiyamba ine, osafika nayo.

Choyamba, musadzipeputse. Simunaphunzitsidwepo kuvina ndi mphunzitsi wa m'kalasi, inde. Koma mwana amene wakulira pa beni, pa chioda kapena pa manganje ali ndi ng'oma m'thupi, ndipo zimenezo sagula. Anyamata a Tofo Tofo a ku Maputo anaonedwa pa intaneti akuvina, mpaka Beyoncé anawaitanira ku America mu 2011 kuti amuphunzitse masitepe awo. Luso la kwathu si lochititsa manyazi.

Chimene chinandigwetsa ine ndi matama. Kumudzi ndikalowa m'bwalo, amayi ankalulutira. Ndinkati ndatha zonse. Nditapita kumzinda kukayesedwa pagulu lina la zovina, woyesa sanafunse kuti kwathu ndimavina chiyani. Anatiika m'mizere, navina masitepe ake achilendo akuwerenga mpaka 8, kenaka anati, "Bwerezani." Anzanga anabwereza. Ine miyendo inasokonekera. Ndinazolowera kuti ng'oma inditsate, osati ine kutsata munthu. Pofuna kubisa manyazi ndinalumpha mwamphamvu, thupi lisanatenthe, pasimenti. Bondo linagulukira pomwepo. Woyesa sanalakwe. Wolakwa ndinali ine. Mpaka lero ikafika Juni bondo limenelo limandikumbutsa, ndipo pakavinidwa beni ndimaonerera nditakhala pampando.

Tsono mverani. Mayesowa safuna gule amene mukumudziwa kale. Amafuna kuona ngati mungatole gule wa mwini msanga. Phunzirani kutola. Pezani mnzanu wa mtundu wina akuphunzitseni gule wa kwawo: Myao aphunzire kwa Mlomwe, Mlomwe kwa Mnyanja. Onerani kanema pafoni, muime, mubwereze, kumanja ndi kumanzere komwe. Werengani mokweza mpaka 8. Mukalakwitsa musaime, musaseke, musagwire kumutu. Pitirizani. Woyesa amakhululuka phazi losochera, koma munthu woima pakati pa nyimbo samuiwala.

Phunziraninso kuimba mukuvina. Mpweya umatha msanga. Thamangani m'mamawa, muimbe mukadali wefuwefu. Ndipo thupi litenthetseni musanalumphe, mitsempha muiwongole pang'onopang'ono. Bondo ndi limodzi kumwendo uliwonse, ana anga. Lisamaleni. Ndabwereza: lisamaleni.

Pali china chimene chimandiwawa kuposa bondo. Sukulu ndinaisiyira panjira, ndikuti wovina alibe nazo ntchito zolembera. Bodza lenileni. Escola de Comunicação e Artes ya Universidade Eduardo Mondlane imaphunzitsa zisudzo ndi nyimbo, koma pakhomo pake salowa munthu wopanda kalasi ya 12. Ngakhale kutsidya kwa Chiponde, ku University of Malawi ku Zomba, amayamba aona satifiketi. Chipwitikizi chanunso chikhale chakuthwa, chifukwa ku Maputo malangizo onse adzakupatsani m'chinenero chimenecho, ndipo sadzakudikirani. Ku Maputo komweko kuli Escola Nacional de Dança, kulinso Companhia Nacional de Canto e Dança imene inayamba mu 1979. Makomo alipo. Amatsekukira okonzeka.

Maputo ndi kutali, ndalama ya ulendo ndi yambiri. Musakwere sitima pa Cuamba mongomva mphekesera. Safunsa anadya phula. Funsani tsiku la mayeso, zovala zofunika, mapepala ofunika, ndiponso ngati mudzaimbe kapena kulankhula mawu a sewero. Makolo anu muwauze poyera, musathawe usiku.

Ndipo musanaganize za kutali, yambani pafupi. Festival Nacional da Cultura imayambira m'maboma, kukwera kuchigawo, kenaka dziko lonse, ndipo mu 2018 inachitikira kwathu konkuno ku Lichinga. Lowani gulu la kwanu. Imani pamaso pa oweruza osakudziwani, amene sangakululutireni chifukwa ndinu mwana wa uje. Akakudzudzulani musakwiye, funsani pamene mwalakwitsa. Ine ndinkakwiya, n'chifukwa chake palibe anandikonza.

Nthawi mukadali nayo, miyendo mukadali nayo. Mawa m'mawa pitani kusukulu, madzulo mukayeserere.